Kathabwa Komwe Sindinaimike

Yamikani ndi Takondwa, ana anga, za ubwana wanga ku Chiradzulu ndinakuuzani kale ndi pakamwa, sindizibwereza pano. Ndikulemba za ntchito, chifukwa zaka zonse zija munkandiona ndikutuluka m'mawa ndi kachikwama, koma simunkadziwa pomwe ndinagwa ndi pomwe Ambuye anandidzutsa.

Limbe, pakati pa zaka za m'ma 1980

Ndinayamba ntchito ya utaipisiti pa bungwe lina loona za mbewu zotumizidwa kunja. Dzina lake ndilisiya, linasinthanso kawiri ine ndili pomwepo. Ofesi inali pamwamba pa sitolo ya nsalu, mawindo akuyang'ana ku njanji. Ine ndi bambo anu tinkachita lendi ku Bangwe, ndipo masiku omwe basi yatisiya ndinkatsika wapansi, nsapato za ku ofesi zili m'chikwama, kumapazi kuli masilipasi.

Bwana wanga woyamba anali Bambo Lipande a ku Chitawira, munthu wamtali, wosakweza mawu, wolemba ndi inki yobiriwira basi. Tsiku loyamba sanandiyese liwiro la kutaipa. Anangondifunsa kuti, “Mayi Namaona, mumatha kusunga pakamwa?” Ndinati inde bwana. Iwo anati, “Ndiye theka la ntchito mwalitha kale.” Ndinasangalala, chifukwa kusunga pakamwa ndinkakutha bwino. Kwathu, kumpingo ndi kusukulu anatiphunzitsa chimodzimodzi: pa akuluakulu sudumphira nkhani, umadikira wapampando akutchule dzina, ndipo akakutchula umayamba ndi kuthokoza.

Zinthu zinkasowa. Riboni ya taipi ikauma tinkaidontheza mafuta a makina osokera n'kuitembenuza. Kaboni tinkamugwiritsa ntchito mpaka ukamukweza pawindo uziona sitima ikudutsa. Maenivelopu akale tinkawamatula n'kuwapinda chakunja. Koma chomwe chinkawapweteka kwambiri Bambo Lipande sichinali riboni. Anali mapepala ochokera ku misonkhano ya maiko onse, komwe amapangana malamulo a malonda. Mapepalawo ankafika pa positi ali mitolomitolo, akutipempha maganizo athu pa nkhani yomwe inakambidwa kale miyezi iwiri yapitayo. Iwo ankamasula chingwe, n'kuyang'ana deti, n'kunena kuti, “Atiitana ku ukwati, koma mwana wabadwa kale. Kaikeni mu failo.”

Mwa anthu omwe ankabwera kudzatenga ziphaso munali a Sumani, Msilamu wa ku Bangwe komweko, yemwe anali ndi shedi ya nandolo kuseri kwa msika. Ankagula nandolo ku Chiradzulu, ku Thyolo ndi ku Mulanje, amayi n'kumapeta ndi kusankha, kenako matumba n'kukwera sitima kupita ku doko. Mlamu wanga, azakhali anu a Nasibeko, ankasankha nandolo kumeneko chiferedwere amuna awo, ndipo ndi lichero lomwelo ankaphunzitsa ana atatu. A Sumani sankanditchula dzina. Akangolowa ankati, “Mayi Taipi, mwadzuka? Tayimbani kanyimbo kanu kaja, Lachisanu ili ndisachedwe ku mzikiti.”

Ulendo woyamba, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Takondwa uli sitandade wani, anandisankha kupita nawo ku umodzi mwa misonkhano ija, kuti ndizikalemba maminitsi a nthumwi zathu. Ndinakagula chijasi pa kaunjika ku Ndirande, chachimuna, manja ake ndinachita kupinda kawiri. Amayi a kumpingo anabwera kunyumba kudzandipempherera, ndipo mmodzi anapempha kuti Mulungu andipatse mtima wodzichepetsa pamaso pa akuluakulu a dziko lapansi. Pemphero limenelo linayankhidwa mopitirira.

Tinapita atatu: mkulu wina wa boma wochokera ku Lilongwe, Bambo Lipande ndi ine. Titafika tinapeza kuti msonkhanowo si umodzi. Nthawi imodzimodziyo kunkachitika zokambirana m'zipinda zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, china za shuga, china za nsalu, china za mankhwala, china za zakudya. Maiko olemera anabwera ndi anthu odzaza mabasi, chipinda chilichonse ali ndi katswiri wake ndi womunong'oneza kumbuyo. Ife atatu tinkathamanga m'makonde ngati anamwino a chipatala cha kumudzi.

Tsiku lachitatu Bambo Lipande anandiperekeza ku chipinda cha zakudya. Pa tebulo lathu panali kathabwa koyera kolembedwa dzina la dziko lathu. Anandipatsa pepala limodzi nati, “Ine ndili ku shuga. Inu khalani apa mpando wathu usaoneke wopanda munthu. Ikafika ndime yoyeza mbewu, maganizo a Malawi ndi awa.” Ndimeyo inkati nyemba, nandolo ndi mbewu zina zotere zisamalowe m'misika ya ogula popanda satifiketi yochokera ku labotale yomwe ogulawo aivomereza. Labotale yotero kwathu kunalibe. Pepala lathu silinkakana kuyeza, pakuti palibe amene amafuna kudyetsa mnzake chakudya chowonongeka. Linkangopempha zaka zingapo zokonzekera, ndi thandizo lomangira labotale yathu.

Ndinaliwerenga pepalalo mpaka kuliloweza. Ndinavala zomvera m'makutu, n'kukhala mowongoka ngati pa mgonero. Ndimeyo itafika, anthu atatu kapena anayi a maiko akuluakulu anayankhula. Ine ndinkadikira. Ndinkadziwa kuti wapampando akamaliza ndi akuluakulu ayamba kutitchula ife otsala, mmodzimmodzi, monga amachitira wapampando aliyense amene ndinamuonapo. Ndinakonza ndi mawu othokoza oyambira. Wapampandoyo anakweza maso, n'kuyendetsa m'chipinda monse. Maso ake atafika pa ine ndinaweramitsa mutu mwaulemu. Kenako ndinamva womasulira akuti palibe wotsutsa, ndimeyo yavomerezedwa ndi onse. Kanyundo ka mtengo kanagunda pa tebulo, gu, n'kupita pa ndime ina.

Pa nthawi ya tiyi mayi wina wa ku dziko la pachilumba, yemwe anakhala pafupi nane, anaona pepala lidakali m'manja mwanga. Anandifunsa, ndinamufotokozera. Anagwira kathabwa kathu kaja, n'kukaimika choongoka, n'kukagonekanso. “Mchemwali,” anatero, “kuno satchula munthu. Ukafuna kuyankhula umaimika aka. Ukakasiya chogona, alemba kuti dziko lako lavomera.”

Nditawauza Bambo Lipande, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Sanandikalipire. Anangoti, “Tiyeni tikadye.” Mu ndege yonse yobwerera sitinaikambenso.

Bangwe, zaka zoyambirira za m'ma 2000

Sindinganene kuti mawu a mayi mmodzi akanaimitsa lamulo lija. Koma akanalembedwa, ndipo m'misonkhano imeneyo chinthu chomwe wina wachikana poyera sichidutsa tsiku lomwelo. Mwina tikanapeza zaka ziwiri. Mwina ena amantha ngati ine akanaimika timathabwa tawo. Zimenezi sindidzazidziwa mpaka tsiku lomwe zobisika zonse zidzaululidwe.

Chomwe ndikudziwa ndi chomwe ndinaona. Patapita nyengo ziwiri ogula a a Sumani anayamba kufuna satifiketi ija. Ankatumiza kathumba ka nandolo kunja pa ndege kuti kakayezedwe, yankho n'kumachedwa, matumba ali mu shedi akufumbwa. Makampani akuluakulu anapirira. A Sumani anayesa nyengo zitatu, kenako anakhoma loko. Azakhali anu a Nasibeko anayamba kugulitsa makala m'timapepala pamsewu wopita ku Namiyango, ndipo mwana wawo womaliza anasiyira sukulu fomu thuu. Ine ndinkadutsa pa shedi ija tsiku ndi tsiku. Ndinasintha njira, ndinkazungulira ku mjigo.

Chaka chathunthu ndinkapita ku mgonero ndi mtima wolemera. Malemba amatiuza kuti ukafika ndi chopereka n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, uyambe wakaonana naye. Tsiku lina Loweruka ndinakawapeza a Sumani ku Limbe, komwe anali atatsegula kabenchi ka misomali, maloko ndi mahinjesi. Ndinawafotokozera zonse, za pepala, za kathabwa, za kuweramitsa mutu. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa.

Anandiyang'ana, n'kukankhira kofia yawo kumbuyo. “Mayi Taipi, ndiye mukuti munakwera ndege usana ndi usiku, kuwoloka nyanja zonse zija, kukakhala chete?”

“Eya, bambo.”

“Aaa! Bwenzi mutangokhala chete konkuno ku Bangwe, tikanapulumutsa tikiti.” Anaseka mpaka kugwira benchi, ine misozi ili mbwembwembwe. Ataona kuti sindikuseka anasiya. “Pukutani m'maso, makasitomala aziti ndakumenyani. Riziki, chakudya cha munthu, amagawa ndi Mulungu, si azungu a kanyundo. Inu munachita zomwe anakuphunzitsani amayi anu. Koma mukadzapitanso, chonde, ngakhale kutsokomola kokha. Adziwe kuti pampandopo pali munthu.”

Zaka za pakati

Ndinachita maphunziro a Loweruka ndi a pa positi, n'kuchoka pa taipi kukhala ofisala. Makompyuta anabwera, magetsi n'kumazima. Mafuta a galimoto anasowa, tinkapita ku misonkhano ya ku Lilongwe pa basi, mafailo ali pamiyendo. Bambo Lipande anapuma, ndipo sanakhalitse, tinakawaika. Ife tinagula puloti ku Machinjiri n'kuyamba kumanga pang'onopang'ono, monga mukukumbukira, chipinda chimodzi chaka chimodzi.

Ku misonkhano ya kunja ndinapitanso kangapo, ndipo ndinaphunzira zomwe sizilembedwa pa pulogalamu. Ndinaphunzira kuti nkhani zenizeni sizithera mu holo yaikulu. Zikavuta, wapampando amaitana maiko ochepa m'kachipinda kena, chitseko n'kutsekedwa, ena tonse tili m'khonde kumwa khofi wozizira. Akatuluka amabwera ndi pepala lomalizidwa, ndege zathu zitatsala maola ochepa, n'kufunsa ngati pali wotsutsa. Ndani angatsutse atanyamula kale sutikesi?

M'khonde momwemo ndi momwe ife a maiko ang'onoang'ono tinadziwirana. Mayi wa pachilumba uja ndinamupezanso, tsitsi litayera. Tinayamba kulemba zomwe tinkafuna zisinthe, ndipo sizinali zazikulu. Tinkafuna mapepala azifika nthawi ikadalipo yoti tikafunse alimi ndi amalonda kwathu. Tinkafuna zokambirana zisamachitike zambiri nthawi imodzi kuposa zomwe nthumwi zochepa zingakwanitse. M'kachipinda kaja muzikhala mipando ya zigawo zonse za dziko lapansi, yosinthana, ndipo wolowamo azibwera kudzatiuza zomwe zanenedwa. Ndipo ine ndinaumirira chimodzi: wapampando asamawerenge chete ngati kuvomera, azifunsa gulu lililonse la maiko politchula. Anzathu ena ankati zimenezi zichedwetsa ntchito. Ine ndinkati lamulo lomwe theka la anthu silinalimve silifulumira, limangokagwa patsogolo, pa doko, pa shedi ya munthu.

Nthawi imeneyo ndinkawerenga kawirikawiri za mpingo woyamba, pomwe akazi amasiye a chilankhulo china ankaiwalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanawauze kuti pirirani, kapena kuti bwanji simunanene msanga. Anasintha kagawidwe, ndipo anasankha anthu oti ayang'anire ntchitoyo. Ndinkati mumtima, Ambuye, ngati asodzi anatha kukonza tebulo lawo, anthu a madigiri awa alephera bwanji?

Ulendo womaliza, m'ma 2010

Kunabwera msonkhano womwe mwa nkhani zake munali ya kayendetsedwe ka msonkhanowo. Ndime yathu inalowa m'pepala loyamba, ndipo boma lathu linalemba kuti likuichirikiza. Kalata imeneyo ndinali nayo mu failo. Bwana wanga pa nthawiyo anali Bambo Chimwala, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wophunzira kwambiri, wosadana ndi munthu. Ankanditchula kuti Anti.

Tsiku lomaliza m'mawa a m'kachipinda anatuluka ndi pepala lawo. Ndinatsegula tsamba lomwe panali ndime yathu. Panalibe. Ndinathamangira Bambo Chimwala m'khonde.

“Ndaona, Anti,” anatero. “Isiyeni.”

“Koma kalata ya ku likulu ikuti tiichirikize.”

“Kalata inalembedwa tisanafike kuno. Anti, matikiti athu mukudziwa amene anatigulira. Ali m'kachipinda momwemo. Labotale ija mwakhala mukuilirira zaka zonsezi, ndi omwewo akuti atithandiza. Tikawachititsa manyazi pagulu lero, mawa ndikagogoda pakhomo pa ndani?” Anayang'ana wotchi. “Ine andiitana kukaonana nawo pompano. Khalani pampando wathu. Kwatsala zaka ziwiri kuti mupume, ndipo dzina lanu ndalipereka kale kuti mukwezedwe musanapume. Musadzipangire nkhani.”

Ana anga, musamuone ngati munthu woipa. Zomwe ananena zinali zoona, ndipo zinandilemera. Nyumba ya ku Machinjiri inali isanafoleredwe mbali imodzi. Yamikani unali ku koleji. Kukwezedwa kuja kukanasintha penshoni yanga moyo wanga wonse. Ndiponso ine ndinakulira kumvera ondiyang'anira, ndipo Malemba omwewo amatiuza kutero. Ndinalowa mu holo, ndinakhala pansi, kathabwa kali chogona patsogolo panga, koyera ngati kaja ka zaka zambuyo. Ndinaika kalata ya boma kudzanja lamanja. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga: Ambuye, Inu munapanga pakamwa.

Wapampando anati pepalali ndi zipatso za kugwirizana kovuta, ndipo akukhulupirira kuti palibe amene akufuna kulitsegulanso. Anakweza maso, n'kuyamba kuwayendetsa. Dzanja lake linali kale pa kanyundo. Ndinaona shedi ija ili ndi loko, ndi manja a azakhali anu akuda ndi makala. Ndinagwira kathabwa ndi manja awiri, n'kukaimika.

Anakaona. Anayang'ana kumbali ngati sanakaone, koma mlembi wake anamunong'oneza. Anatchula dzina la dziko lathu, ndipo kagetsi kofiira ka maikolofoni kanayaka. Zomwe ndinanena sizinali zanzeru. Ndinathokoza wapampando, pakuti chizolowezi sichitha. Ndinati dziko langa linalemba kuti likuchirikiza ndime yomwe yachotsedwa, ndipo silinaitanidwe komwe inachotsedwerako. Ndinati zaka zapitazo ndinakhala pampando womwewu n'kukhala chete chifukwa cha ulemu, ndipo kunalembedwa kuti tavomera, ndipo amayi omwe ndimawadziwa mayina anataya ntchito. Ndinati lero sindikufuna kuti chete wanga alembedwenso molakwika: sitikuvomera.

Kenako ndinamva kaphokoso kumanzere, kwa, kathabwa ka mayi wa pachilumba. Kenako kena kumbuyo, kenanso. Sindinawerenge. Wapampando anatula kanyundo pansi, n'kunena mosakondwa kuti tipume theka la ola. Theka la ola linakhala maola anayi, ndipo ambiri anasintha ndege akung'ung'udza. Ndimeyo inabwerera itadulidwa. Za mipando ya m'kachipinda anati zikakambidwe mtsogolo, ndipo mtsogolomo sindikudziwa ngati munafika. Koma mizere iwiri inatsala: mapepala azitumizidwa nthawi ikadalipo, ndipo asanagunde kanyundo wapampando azifunsa magulu a maiko powatchula.

Bambo Chimwala sanandikalipire, nawonso. Pa bwalo la ndege anangoti, “Anti, mwandiika pamoto.” Ndinati, “Ndikudziwa, bwana, ndipo pepani chifukwa cha motowo. Koma za kathabwa sindipepesa.”

Kanjedza, zaka ziwiri zomaliza

Sanandichotse ntchito. Kukwezedwa kuja kunapita kwa wina, maulendo anatha, ndipo ananditumiza kukayang'anira nyumba yosungira mafailo akale ku Kanjedza, ine ndi mlonda ndi mphaka. Za labotale zinachedwa chaka china. Ngati chinali chifukwa cha ine, sindikudziwa, ndipo ndimazitula kwa Mulungu. Bambo anu anafolera mbali yotsala ija ndi malata akale ogula ku Ndirande, omwe mukuwaona akudontha pakona mpaka lero.

Tsiku lina ndikusanja mafailo odyedwa ndi chiswe, ndinapeza lipoti la ulendo wanga woyamba. Ndinali ndisanalionepo, chifukwa Bambo Lipande sanandipatse kuti nditaipe. Linali la pamanja, inki yobiriwira. Pa nkhani yoyeza mbewu analemba kuti maganizo a dziko lathu sanaperekedwe, ndipo kulakwa n'kwawo, chifukwa zaka khumi ndi zinayi anaphunzitsa mlembi wawo kusunga pakamwa, koma sanapeze mphindi imodzi yomuonetsa kaimikidwe ka kathabwa. Ndinakhala pa katoni ya mafailo nthawi yaitali. Mlonda anabwera kudzafunsa ngati ndadwala.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Bangwe. A Sumani anali atakalamba, benchi anasiyira mdzukulu, maso akuona mwa chimbuuzi. Nditawapatsa moni anandizindikira mawu.

“Mayi Taipi! Mukadali moyo?”

“Ndabwera kudzakuuzani kuti ndinatsokomola.”

Anakumbukira, n'kuwomba m'manja. “Anamva?”

“Ena anamva.”

“Shedi yanga atsegula?”

“Ayi, bambo.”

“Inuyo anakupatsani mendulo?”

“Anandipatsa mphaka ndi chiswe.”

Anaseka mpaka kutsokomola iwo eni. “Basi, tafanana. Khalani pansi, abweretse tiyi.”

Machinjiri, masiku ano

Chaka chatha amayi a kumpingo anandisankha kukhala wapampando wa komiti yomanga khitchini ya tchalitchi. Mumandiseka kuti misonkhano yanga imatalika, ndipo abusa nawonso anandiuzapo. Ndi zoona. Sindifunsa kuti pali wotsutsa. Lachinayi lapitali tinali titagwirizana kale, akuluakulu onse atayankhula, kuti tizisonkha ndi kugwira ntchito Loweruka m'mawa. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunakhala mayi wina wachitsikana wobwera kumene kuchokera ku Phalombe, mwana wake Tadala ali kumsana, mutu ataweramitsa mwaulemu. Kuweramitsa kumeneko ndimakudziwa.

Ndinati, “Mayi a Tadala, inu mukuti bwanji?”

Anati alibe mawu. Amayi ena anayamba kumanga zitenje kuti azipita. Ine ndinatseka kope langa, n'kupinda manja, n'kudikira. Patapita nthawi anakweza mutu, n'kuyamba ndi kuthokoza wapampando. Kenako ananena chapansipansi kuti Loweruka m'mawa iye ndi anzake asanu amakhala ku msika wa Limbe kukaoda tomato, ndipo akapanda kupita sabata imeneyo ana sadya.

Tinatsegulanso kope.